Zithunzi Zisanu Zomwe Sizinakwere Sitima

Tamanda ndi Yamikani, ana anga, mwakhala mukundifunsa chomwe ndimachikumbukira kwambiri pa zaka zonse zomwe ndinagwira ntchito. Ndikudziwa kuti mumayembekezera kuti nditchula malole a chimanga omwe ndinawolotsa malire, kapena setifiketi ili pakhoma pabalazapa. Koma ndikakhala pakhonde pano ku Chirimba, zomwe zimandibwerera ndi anthu atatu omwe ndinawadziwa ku Nairobi, ndi kontena imodzi yomwe ndinaichedwetsa. Za ubwana wanga tizisiye, azakhali anu amazifotokoza bwino kuposa ine.

Limbe ndi Ntcheu, zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki pa kampani ina ku Limbe, yothandiza amalonda kutulutsa katundu wawo ku kasitomu. Bwana wanga anali bambo wa ku Karonga, wosaseka, yemwe ankabwera ku ntchito ndi tayi ngakhale mu Okutobala. Tsiku lina ndinasaina pepala la mabokosi omwe sindinawatsegule, chifukwa dalaivala ankafulumira. Bwanayo sanakalipe. Ananditengera kunja, n'kundiimika padzuwa mpaka nditatsegula bokosi lililonse. Titamaliza anati, "Mbewe, dzina lako ukaliika papepala ndiye kuti ukunena kuti waona ndi maso ako. Ngati sunaone, usaliike."

Nkhondo ya ku Mozambique itafika povuta, ndinalowa ntchito ku bungwe lina lothandiza othawa kwawo, ndipo ananditumiza ku Ntcheu. Kumeneko chilichonse chinkasowa. Dizilo akapezeka, matayala palibe. Matayala akabwera, mlatho wakokoloka. Ndi kumeneko komwe ndinaona koyamba msika wa katundu wa nkhondo. M'mbali mwa msewu wa m'malire munkagulitsidwa makina osokera, zitseko zokhala ndi maloko ake, ngakhale belu la tchalitchi, zonse pamtengo wa nkhuku. Anthu ankagula, ndipo panalibe wofunsa kuti mwini wake ali kuti.

Nairobi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Bungwe lomwelo linandisamutsira ku ofesi yake ya ku Nairobi kuti ndiziyang'anira zotumiza ndi kulandira katundu. Tinapeza nyumba ku Rongai chifukwa kutauni lendi inali yoopsa. Inu muli ang'ono munkadandaula ndi fumbi, koma ine chomwe chinkandisautsa ndi msewu. Munthu unkakwera minibasi, zomwe kumeneko amati matatu, kusanache bwino, nyimbo zikugunda mpaka m'nthiti, n'kufika ku ofesi utatopa kale. Chiswahili ndinachiphunzira m'matatu momwemo. Mawu ambiri ankamveka ngati athu, moti ndinkayankha molimba mtima ngakhale pomwe sindinamve, ndipo makondakitala ankandiseka.

Ntchito yanga inali pawiri. Ndinkatumiza mabulangete, malona ndi mankhwala kumisasa ya othawa kwawo, komanso wogwira ntchito wochokera kunja akamabwerera kwawo, ndine ndinkaona katundu wa m'nyumba mwake, n'kusaina kuti zonse zili m'kontena ndi zakezake, kuti zipite ku Mombasa kukakwera sitima.

Bwana wathu wamkulu anali a Martin, mzungu wamtali wa ndevu zaimvi. Ndagwirapo ntchito ndi mabwana ambiri, koma ngati a Martin sindinamuonenso. Iwowa anali atakhalapo ku Mogadishu nkhondo ili mkati, akugona pamatumba a ufa m'nyumba yosungiramo katundu kuti achifwamba asaube. Ankadziwa mayina a ana a madalaivala onse. Malipiro akachedwa, ankayamba ndi alonda ndi osesa, iwo n'kumalizira. Ndipo pali china chomwe mwina simuchidziwa bwino. Chaka chomwe amayi anu anachitidwa opaleshoni, magazi a mtundu wawo anasowa m'chipatala. Ndinaimbira foni ku ofesi kuti ndingopepesa kuti sindibwera. A Martin anasiya msonkhano uli pakati, anafika kuchipatala, n'kupinda mkono wa malaya. Mtundu wa magazi awo unali womwewo. Atamaliza anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mbewe, tsopano ndife pachibale," kenako anabwerera kumsonkhano kuja.

Munthu wachiwiri ndi mayi Hodan, Msomali wa ku Eastleigh, dera la Asomali ambiri mu Nairobi, yemwe ankatigulitsa mabulangete ndi mabeseni apulasitiki mopikulitsa. Anali mayi wowonda, wolankhula pang'ono, wa mafoni awiri omwe sankakhala chete. Ku Eastleigh munthu ukalowa umachita kupanikizana ndi matatu ndi ngolo zokoka pamanja, zomwe kumeneko amati mikokoteni, ndipo aliyense amakuwa. Koma mayi Hodan akati katundu afika Lachitatu, ankafikadi Lachitatu, ngakhale mvula itasandutsa misewu kukhala mitsinje. Nthawi ina mabelo ena ananyowa panjira. Iwo anandiuza okha ndisanawaone, n'kuwasintha onse. Kwa zaka zambiri tinkadziwana pa mabulangete basi. Za kwawo sankanena, inenso sindinkafunsa.

Nairobi, chaka chomwe a Martin anapuma ntchito

Phwando lotsanzikana linachitikira kunyumba kwa a Martin Loweruka masana. Anaitana aliyense, kuyambira akuluakulu a mabungwe mpaka amalonda omwe tinkagula kwa iwo. Tinali pakapinga tikudya nyama yowotcha pomwe mvula inangoti khuthu, ndipo tonse tinathawira m'nyumba. Ine ndinali nditalowamo kangapo. Ndinkadziwa kuti m'chipinda chodyera munali zithunzi zisanu zojambula pamanja ndi penti, zomwe a Martin ankazikonda ngati ana awo. Chachikulu chinali cha mayi wovala mpango wachikasu, atakhala pafupi ndi zenera, kuseri kwake kukuoneka nyanja.

Mayi Hodan analowa pambuyo panga akupukuta madzi kumaso. Ndinawaona akuima. Mbale yomwe ananyamula anaiika pathebulo pang'onopang'ono, ngati ikuwalemera. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, anthu akuwadutsa uku ndi uku. Ndinawafunsa ngati akumva bwino. Anangogwedeza mutu. Kenako anapita kwa a Martin, anawagwira chanza, anawafunira ulendo wabwino, n'kutuluka mvula ikadagwa.

Lolemba m'mawa ndinawapeza akundidikira pakhomo pa ofesi yanga. Mafoni onse awiri anali atawathimitsa.

"Bwana Mbewe, katundu wa a Martin anyamuka liti?"

"Opakira abwera mawa. Kontena ichoka Lachisanu."

"Ndipo osaina ndinu?"

"Ndine."

Anakhala pansi. "Mayi ali pakhoma paja ndi amayi anga. Anajambula ndi bambo anga, m'nyumba mwathu ku Mogadishu. Zenera lija ndi lomwe ndinkakhalapo ndikamachokera kusukulu."

Iwo anapitiriza, mawu osakweza. Bambo awo, a Warsame, anali mphunzitsi wa zojambula. Nkhondo itafika m'dera lawo anathawa ndi zovala za m'thupi zokha, ndipo amayi awo anafera panjira, bomba litagwera pafupi ndi lole yomwe anakwera. Anthu a mfuti analowa m'nyumba mwawo ndi m'sukulu momwe bambo awo ankaphunzitsa, n'kutenga chilichonse. Chithunzi cha amayi awo, ngakhale cha kamera, analibe ndi chimodzi chomwe.

"Ndinali nditayamba kuiwala nkhope yawo," anatero. "Loweruka ndinaiona."

"Bwanji simunawauze a Martin pomwe paja?"

"Linali phwando lawo. Munthu sachititsidwa manyazi pamaso pa alendo ake. Komanso ine sindikuti iwo ndi akuba. Ndikungoti chithunzicho chikakwera sitima, bambo anga sadzachionanso. Ndi okalamba."

"Muli ndi umboni wanji?"

"Pakona yakumanzere, pansi, mukaone. Mupeza kuti dzina linapalidwa. Ndipo pamwamba pa diso la amayi pali chipsera. Anagwa pamasitepe atandibereka kumsana."

Sanandipemphe kalikonse. Anangoimirira, n'kuyatsa mafoni awo, n'kupita.

M'mawa mwake ndinapita ndi opakira katundu. Atatsitsa chithunzi chija ndinagwada n'kuyang'ana. Pakona panali popalidwa ndi mpeni. Chipsera chinalipo. Ndinayang'ana zinayi zinazo, ndipo zonse mayina anali atapalidwa chimodzimodzi. Ndinauza anyamata aja kuti apakire zina zonse, koma zithunzizo aziike pambali.

A Martin anandipeza m'khonde. Ndinawafotokozera zonse. Nkhope yawo inafiira mpaka m'khosi.

"Mbewe, ukudziwa komwe ndinazipeza? Pamsika, munthu wogulitsa tiyi atazimanga ndi waya kuti zimutchinge ku mphepo. Zinalipo zambiri. Zina anali atazidula kale n'kutsekera denga. Ndinagula zomwe zinatsala. Ndikanapanda kutero bwenzi zili phulusa."

"Ndikukhulupirira, bwana."

"Ndazisunga zaka zonsezi. Ndazipititsa kwa akatswiri kuti azikonze. Lero munthu wangobwera n'kunena kuti ndi amayi ake, basi?"

"Mwina akunama, bwana, ngakhale sindinawaonepo akunama. Koma pepala lija limati ndatsimikiza kuti katundu yense ndi wanu ndipo palibe wina akumulondola. Panopa sindingatsimikize."

"Ndiye kuti ukukana kusaina?"

"Ndikupempha kuti tidikire."

"Sitima sidikira," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Muyenera kumvetsa momwe zinthu zinalili. Kontirakiti yanga inkatha mwezi wotsatira, ndipo kalata yondivomereza kuti ndipitirize inali patebulo la a Martin, isanasainidwe. Iwe Tamanda unali utangoyamba kuyunivesite, Yamikani ali ku sekondale. Ndipo kuposa zonsezi, munthu yemwe ndinkamuimitsa ndi yemwe anapulumutsa mkazi wanga. Panalibenso lamulo lomwe likanandigwira ndikanasaina. Zithunzi zopanda mayina, zochokera kudziko lomwe mapepala ake anapsa kalekale, ndani akanafunsa?

Madzulo ndinawafotokozera amayi anu akusita zovala. Anamvetsera osandidula mawu. Nditamaliza ndinati, "Mayi a Tamanda, munthu ameneyu magazi ake ali m'thupi mwanu."

Anaimika simbi. "Ali m'thupi mwanga, eya, osati mwanu. Ndiye ngati pali woyenera kuchita manyazi ndine, ndipo sindikuchita. Bambo aja sanandipatse magazi kuti tsiku lina inu mudzawatsinzinire. Iwo akuti anazipulumutsa, ndipo n'zoona. Koma munthu ukatola mwana pamoto, supita naye kwanu. Umafunsa kuti mwanayu ndi wa ndani."

"Nanga ntchito ikatha?"

"Tidzapita kwathu. Ku Malawi kuli anthu, akudya."

Lachisanu linafika, sindinasaine. Kontena inatsala pabwalo, sitima inapita. Ku ofesi nkhani inamveka, ndipo ena anayamba kundilambalala m'makhonde ngati ndili ndi chikuku. Mnzanga wina wa ku Malawi, yemwe tinkapemphera naye limodzi, anandikokera pambali n'kundiuza kuti, "Achimwene, kwa eni kuno. Za Asomali ndi azungu zikukukhudzani bwanji?" A Martin sanandilankhule sabata yonse yotsatira. Tikakumana ankayang'ana kumbali.

Kenako tsiku lina m'mawa a Martin anatsegula chitseko cha ofesi yanga osagogoda. Maso awo ankaoneka kuti sakugona bwino.

"Bambo a mayi aja ali moyo?"

"Ali moyo."

"Uwaimbire foni mayi Hodan. Ndikufuna kuti bambowo azione zonse zisanu. Ndipo ndinyamula ndekha."

Eastleigh, mwezi womwewo

Galimoto inalephera kufika pakhomo chifukwa cha matope ndi mikokoteni, choncho tinaisiya patali n'kuyenda pansi, zithunzi titazikulunga m'mabulangete. A Warsame ankakhala m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya mwana wawo. Magetsi anali atathima, masitepe ali mdima. A Martin, munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, anakwera ndi chithunzi chachikulu chija atachikumbatira, akupuma mwawefuwefu, ndipo anakana kuti ndiwalandire.

Tinapeza nkhalamba yaing'ono thupi, ndevu zopaka zofiirira monga amachitira akuluakulu a kwawo, itakhala pampando pafupi ndi zenera. M'chipindamo munalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Mayi Hodan anali atandiuza kuti chichokereni ku Mogadishu bambo awo sanagwirenso burashi. Mayi Hodan ndi omwe ankatimasulira.

A Martin, mwanzeru zawo, anayamba ndi zing'onozing'ono, osanena kalikonse. Choyamba chinali cha ngamila pamsika. A Warsame anachiyandikizitsa kumaso, n'kuseka pang'ono.

"Ichi n'changa. Miyendo ya ngamila iyi sindinaikhoze, ndinkafulumira."

Chachiwiri ndi chachitatu zinali za asodzi akukoka bwato.

"Izi si zanga. Ndi za Yusuf, mphunzitsi mnzanga. Onani momwe ankapakira madzi, ankagwiritsa ntchito mpeni m'malo mwa burashi. Tinkakangana tsiku lililonse pa zimenezi. Anaphedwa pakhomo pa sukulu."

Ine ndinayang'ana a Martin. Munthu wofuna kutenga za eni akanati zonse ndi zake, ndipo palibe akanamutsutsa. A Martin anaziona zimenezo, ndipo mapewa awo anatsika.

Chachinayi chinali cha chitseko chobiriwira, mbuzi itagona patsogolo pake. Apa nkhalamba ija inachiyang'anitsitsa.

"Uyu anali wophunzira wanga, mtsikana, dzina lake Sagal. Ankabwera mobisa chifukwa kwawo sankafuna. Akanatiposa tonse. Komwe anapita sindikudziwa."

Kenako a Martin anavundukula chachikulu chija n'kuchiimika pampando moyang'anana nawo. Mayi Hodan anaima kumbuyo kwa bambo awo, dzanja lili paphewa lawo. Kunja mahutala ankalira, anthu akukuwa. A Warsame sanalire. Anatambasula dzanja n'kugwira m'mphepete mwa mpango wachikasu uja ndi chala chimodzi, mofatsa, ngati akuopa kumudzutsa munthu. Kenako analoza dzanja lamanja la mayiyo, lomwe linali mizere chabe yopanda penti. A Martin anati nthawi zonse ankaganiza kuti wojambulayo anachita dala.

"Ayi," anatero a Warsame. "Ndinati ndidzamaliza mawa. Anali atatopa kukhala, ankafuna kukaphika. Mawa lakelo tinathawa."

Patapita kanthawi anatembenukira kwa a Martin.

"Mwamusunga bwino. Chinyezi sichinamugwire, dzuwa silinamuwononge. Mulungu akudalitseni pa chimenechi. Anali m'chipinda chanji?"

"Chodyera."

"Ndiye mwadya naye zaka zambiri kuposa zomwe ndinadya naye ine. Kodi dzina lake mumalidziwa?"

"Ayi."

"Ndi Maryan."

A Martin anabwereza dzinalo pang'onopang'ono. Kenako anavula magalasi, n'kutulukira pamasitepe. Ndinawasiya okha. Atabwerera anati zithunzi zonse zisanu zitsala, ndipo sakufuna kalikonse. Mayi Hodan anafuna kuwabwezera zomwe anawononga pozikonzetsa, koma anakana. A Warsame anaumirira kuti tisachoke tisanamwe tiyi, ndipo tinamwa, wotsekemera kwambiri, wonunkhira zokometsera, Maryan ali pampando pakati pathu.

Tsiku lomwelo ndinasaina, kontena inapita ndi sitima yotsatira. Kalata ya kontirakiti yanga ndinaipeza m'bokosi langa la makalata, itasainidwa, ndipo tsiku lomwe linalembedwapo linali la mkati mwa sabata ija yomwe sankandilankhula. Koma sindikufuna kukunamizani kuti zonse zinabwerera mwakale. Pabwalo la ndege a Martin anandigwira chanza, osati paphewa. Koma ndi amayi anu anakumbatirana. Chichokereni sanandilemberepo, ndipo ndinamva za imfa yawo kudzera kwa anthu ena. Ndikuganiza kuti anachita chinthu choyenera, koma chinawapweteka, ndipo nkhope yanga inkawakumbutsa ululuwo. Sindiwaimba mlandu. Ndi anthu ochepa omwe angathe kubweza chinthu chomwe amachikonda kwa munthu yemwe sangawakakamize.

Nairobi, zaka zotsatira

Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Kwa mayi Hodan inali itangoyamba. Chithunzi cha amayi awo anachipachika m'chipinda cha bambo awo, ndipo a Warsame anakana kumaliza dzanja lija. Koma zitatu zinali za eni, ndipo mayi Hodan anati sangagone nazo m'nyumba ngati zawo.

Anayamba kufunsa. Ku Eastleigh kumadutsa Msomali wochokera kulikonse padziko lapansi, ndipo aliyense wolowa m'sitolo mwawo kudzagula mabulangete ankafunsidwa ngati akudziwa banja la mphunzitsi Yusuf kapena mtsikana wotchedwa Sagal. Madalaivala athu opita kumisasa ya kumpoto ankanyamula uthenga womwewo. Patatha chaka ndi miyezi, dalaivala wina anabwera ndi nkhani yoti mkazi wa Yusuf ali moyo kumsasa wina, akulera zidzukulu. Mayi Hodan anatseka sitolo, chinthu chomwe sindinawaonepo akuchita, n'kukwera basi ndi zithunzi ziwiri zija pamiyendo. Atabwerera ndinawafunsa momwe zinayendera.

"Anazigwira tsiku lonse," anatero. "Madzulo anandibwezera. Akuti m'nyumba ya lona chithunzi chikhoza kuwola mvula imodzi, ndipo zidzukulu zikufuna sukulu. Akuti ndizigulitse, koma dzina la mwamuna wawo libwerere."

Apa m'pamene ndinaphunzira kuti malonda a zithunzi ali ndi mbali ziwiri. Anthu ena anabwera mwakachetechete, ovala bwino, akufuna kugula mwachinsinsi. Wina anawauza mayi Hodan, ine ndili pomwepo, kuti chithunzi chopanda dzina chochokera kunkhondo chimayenda msanga kunja, chifukwa ogula amakonda nkhani yake ndipo palibe wodzachilondola. Mayi Hodan anamuthirira tiyi, anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anamuuza kuti akamaliza kumwa atseke chitseko bwino potuluka.

Anasankha njira yaitali. A Warsame analumbira pamaso pa loya za yemwe anajambula chithunzi chilichonse, mkazi wa Yusuf anadinda chala chake, ndipo a Martin, atalemberedwa ndi loyayo, anatumiza umboni wawo wa komwe anazipeza, osabisa kanthu. Malonda anachitikira m'nyumba ina yoonetsera zojambula ku Westlands, poyera, mwa okushoni ngati wa fodya kwathu kuno, kungoti ogula ake ankanunkhira perefyumu. A Warsame anaikaponso cha ngamila chija. Anati akufuna aone dzina lawo litalembedwa pakhoma kamodzi asanafe, ndipo ndalama zake zithandize kufunafuna Sagal.

Ine ndi amayi anu tinapitako. A Warsame anafika atavala jekete lomwe linkawakulira. Malonda asanayambe anapempha kuti ayende, ndipo mwana wawo anawagwira mkono. Anaima pa zithunzi za asodzi, n'kuwerenga kapepala komwe kanali pansi pake, mlomo ukuyenda. Kenako anatembenukira kwa anthu n'kunena mokweza dzina lonse la Yusuf, la bambo ake ndi la agogo ake, monga amatchulirana kwawo. Anthu ambiri m'chipindamo sanamve chinenerocho, koma onse anasiya kulankhula. Zithunzi zinagulidwa bwino. Zidzukulu za Yusuf zinalowa sukulu yogonera komweko, ndipo mayi Hodan sanatengepo ngakhale ya basi yomwe anakwera. A Warsame anamwalira chaka chotsatira, pabedi lawo, moyang'anana ndi Maryan.

Eastleigh, sabata yanga yomaliza ku Kenya

Nditapuma ntchito, katundu wathu atapakiridwa kale, ndinapita kukatsanzika. Mayi Hodan tsitsi linali litayamba kuyera m'mphepete mwa mpango, sitolo itakula, mafoni akadali awiri. Anandilowetsa mu ofesi yawo yaing'ono kuseri kwa mabelo. Pamwamba pa kabati panali chinthu chokulungidwa m'bulangete latsopano. Ndinachizindikira ndi kukula kwake.

"Chikadalipo?"

"Chikadalipo. Ndimachitulutsa kawirikawiri kuti chipume mpweya."

Anandiuza kuti afunsa ku London, ku Minnesota, ku Dubai, kulikonse komwe anthu akwawo anabalalikira. A Sagal anawapeza ambiri, koma palibe yemwe anajambulapo chitseko chobiriwira. Wina anati mtsikanayo anamira panyanja, wina anati anakwatiwa ku Yemen. Eni nyumba ya ku Westlands ija anali atabwera kangapo, chifukwa akatswiri ankati pa zisanu zija, cha mbuzi ndicho chinali choposa zonse. Mtengo womwe anatchula ukanagula sitolo ina.

"Mayi Hodan," ndinatero, "zaka zapita. Mwayesetsa mokwanira. Bwanji osachigulitsa, ndalamazo n'kuthandizira ana amasiye m'dzina lake? Palibe angakudzudzuleni."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula zachibwana.

"Bwana Mbewe, inu mukundiuza zimenezi? Si changa. Ine ndikungochisunga. A Martin anachisunga osafunsa, ine ndikuchisunga ndikufunsa. Ndikafa, mwana wanga ndamuuza kale mayina ndi zonse."

Ndinafuna kuyankha, koma foni imodzi inalira. Anayang'ana nambala, inali yakunja. Anayankha m'chinenero chawo, ndipo pakati pa mawu omwe sindinkawamva ndinamva dzina la Sagal. Anakoka pensulo, n'kundikodola ndi dzanja kuti ndikhale pansi.

"Tadikirani pang'ono," anandinong'oneza atatseka foniyo ndi chikhatho. "Uyu akuti azakhali ake ankajambula."

Ndinadikira mpaka tiyi anazizira. Sanali iyeyo. Mayi Hodan anathokoza woimbayo, anamupempha kuti afunsenso kwa achibale ena, n'kuika foni pansi. Kenako anakwera pampando, anakonza ngodya ya bulangete yomwe inali itatseguka, anatsika, n'kundiperekeza mpaka pamsewu.